Purosesa Yomaliza ya Motherboard Yanga Yakale

Kompyuta imene ndimasewerapo magemu ndinaimanga mu 2019, patapita zaka ziwiri chifikireni kuno ku Joni, ndipo ndinaimanga pang'onopang'ono monga momwe munthu amamangira nyumba kumudzi, mwezi uno malata awiri, mwezi wamawa chitseko. Mkati mwake ndinaikamo purosesa ya AMD Ryzen 5 2600, imene inatuluka mu 2018 ili ndi ma core 6 (tizigawo ta mkati mwake timene timagawana ntchito yowerengera), pamodzi ndi motherboard ya B450, bolodi limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, ndi RAM ya DDR4 yokwana 16GB, mmene kompyuta imasunga zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Mu 2022 ndinachotsamo graphics card yakale, chipangizo chojambula zithunzi za pa sikirini, n'kuikamo RTX 3060 ya 12GB, kenako ndinagula sikirini yotha kusintha chithunzi maulendo 144 pa sekondi imodzi. Purosesa yokhayo ndi imene sindinaikhudzepo zaka zonsezi, ndipo ndinalibe chifukwa choikhudzira mpaka pamene gemu yowomberana ya Counter-Strike 2 inalowa m'malo mwa yakale yake, CS:GO, mu Seputembala 2023.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuona chinthu chimene poyamba ndinkachikana. Ndikamangoyendayenda ndekha mu gemu zonse zinkakhala bwino, koma anthu asanu akangokumana pakhomo limodzi, wina n'kuponya bomba la utsi, chithunzi chinkaima kaye kanthawi kochepa kwambiri kenako n'kudumpha, ndipo chikamabwerera ndinkapezeka nditafa kale. Mu Euro Truck Simulator 2, imene ndimapumulirapo Lamlungu madzulo, zomwezi zinkachitika ndikamalowa mumzinda wodzaza magalimoto. Mlamu wanga, amene timakhala naye pabwalo limodzi ku Rosettenville, sanachedwe kupereka chigamulo chake. "Alamu, vuto ndi graphics card imeneyo, ingogulani yaikulu basi," anatero ataima pakhomo. Ndikanamumvera, ndikanathera ndalama za miyezi ingapo pa chiwalo chimene sichinkadwala n'komwe.

Amene anandiletsa ndi mnzanga wina wa ku Zomba amene amakonza mafoni ndi makompyuta cha ku Fordsburg. Nditamufotokozera, iye anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, mutu ukamapweteka sikuti nthawi zonse amakhala malungo. Kayezetseni kaye musanagule mankhwala." Kuyeza kumene ankanena sikufuna ndalama iliyonse. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa MSI Afterburner imene imalemba manambala pakona pa sikirini gemu ili mkati, ndipo imaonetsa kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi, kumene osewera amangoti FPS, komanso kukula kwa ntchito imene graphics card ndi core iliyonse ya purosesa ikugwira panthawiyo.

Kuti manambalawo amveke, munthu ayenera kudziwa kaye mmene zipangizo ziwirizi zimagawanirana ntchito. Ambirife kuno tinagwirapo maganyu pamalo omanga nyumba, choncho tikudziwa za mmisiri womanga ndi mnyamata womupatsira matope ndi njerwa. Purosesa ndiye wopatsira uja, chifukwa ndi imene imawerengera pamene mdani aliyense waima, kumene chipolopolo chikulowera, mmene utsi ukufalikira ndi phokoso limene liyenera kumveka, ndipo ikamaliza imapereka zonsezo kwa graphics card kuti ijambule chithunzi chimodzi. Mmisiri angakhale waluso chotani, ngati matope akuchedwa kufika iye amangoima pamwamba atapinda manja, ndipo kulemba ntchito mmisiri wina wodula kwambiri sikungakweze khoma msanga. Zimene ndinaona pa sikirini yanga zinali zomwezo. Nthawi imene chithunzi chinkajema, graphics card inkangogwira ntchito pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu zake, kusonyeza kuti inali kudikira.

Kuti nditsimikize, ndinachita zimene mnzangayo anandiuzanso, zotsitsa resolution, kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, kuchoka pa 1080p kufika pa 720p n'kuchepetsa zokongoletsa zonse. Kutero kumapepukitsa ntchito ya graphics card koma ya purosesa imakhala chimodzimodzi, ndiye FPS ikakwera kwambiri ndiye kuti wochedwetsa ndi graphics card, ikakhala pomwepo ndiye kuti ndi purosesa. Yanga inangosuntha pang'ono. Pano ndichenjezeko amene amayang'ana mu Task Manager, pulogalamu ya Windows yoonetsa ntchito ya kompyuta, n'kuona kuti purosesa ikugwira ntchito theka lokha, n'kuganiza kuti ilibe mlandu. Nambala imeneyo imaphatikiza ma core onse pamodzi, pomwe magemu ambiri amasenzetsa core imodzi kapena awiri katundu wolemera kwambiri. Core imodzi ikhoza kukhala italema kotheratu pamene anzake asanu akungocheza, ndipo gemu yonse imayenda pa liwiro la yolemayo.

Ndinaphunziranso kusakhulupirira FPS ya pakatikati. Pa FPS 60 chithunzi chilichonse chimatenga mamilisekondi 16.7, ndipo pa 144 chimatenga pafupifupi 6.9. Munthu akhoza kukhala ndi FPS yabwino akawerengera mphindi yonse, koma ngati chithunzi chimodzi pa zithunzi 100 chatenga mamilisekondi 40, diso ndi dzanja zimamva pomwepo. N'chifukwa chake anthu oyesa mapurosesa amalemba nambala ina yotchedwa 1% low, imene imanena za zithunzi zochedwetsetsa. Vuto langa linali pamenepo, ndipo nambala imeneyi ndi imene ndinayamba kuyang'ana m'mayeso onse a pa YouTube, osati ikuluikulu imene imalembedwa ndi zilembo zofiira ija.

Pali chinthu china chimene anthu a kuno amachisokoneza ndi purosesa, ndipo ndi ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ya gemu n'kubwerera. Mwana wa mchemwali wanga amasewera Fortnite pa kompyuta yomweyi Loweruka, ndipo dandaulo lake linali loti amawomberedwa atabisala kale kuseri kwa khoma. Limenelo si vuto la purosesa ayi. Uthenga wochoka ku Johannesburg kupita ku seva ya ku Ulaya n'kubwerera umatenga mamilisekondi opitirira 150, chifukwa umadutsa m'zingwe za pansi pa nyanja mtunda wa makilomita masauzande ambiri, ndipo palibe chipangizo chogula m'sitolo chimene chingafupikitse Africa. Counter-Strike 2 ndi Dota 2 zili ndi maseva konkuno ku Johannesburg, choncho m'magemu amenewo ping yanga inali yotsika kale, ndipo zimenezi zinandithandiza kudziwa kuti kujema kwanga sikunkachokera pa intaneti.

Nditadziwa matenda, funso loyamba silinali lakuti purosesa yabwino kwambiri ndi iti, koma lakuti motherboard yanga ingalandire iti. Purosesa iliyonse imakhala m'soketi ya mtundu wake, ndipo ya soketi ina singalowemo ngakhale mutaikakamiza. Yanga ndi AM4, imene AMD inayamba kugwiritsa ntchito mu 2016, ndipo mapurosesa wamba a Ryzen a makompyuta a patebulo kuyambira a 1000 a mu 2017 mpaka a 5000 a mu Novembala 2020 amakhala m'soketi yomweyi. Mwayi umenewu unatsala pang'ono kutiphonya eni ake a B450. Mu Meyi 2020 kampaniyo inalengeza kuti mapurosesa a 5000 sadzagwira ntchito pa ma motherboard a B450 ndi X470, koma anthu atadandaula kwambiri inasintha maganizo mwezi womwewo. Chifukwa cha kusinthako, motherboard imene ndinagula mu 2019 ikhoza kunyamula purosesa imene inatuluka mu 2024.

Pamenepa ndinathera milungu itatu ndikutsegula masamba a Wootware, Evetech ndi Takealot usiku uliwonse, ndipo ndinatsala pang'ono kufanana ndi pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma amene anagwa chagada. Pomaliza ndinatsala ndi njira zitatu zokha. Yoyamba inali Ryzen 5 5600 ya mu Epulo 2022, ya ma core 6 ngati yanga yakale, yosadula, ndipo imabwera ndi choziziritsa chake m'bokosi. Yachiwiri inali Ryzen 7 5700X3D ya mu Januwale 2024, ya ma core 8, yodulirapo ndithu ndipo yopanda choziziritsa. Yachitatu inali kusiya AM4 yonse n'kusamukira ku soketi yatsopano.

Munthu woyang'ana manambala a pabokosi okha akhoza kudabwa kuti kusinthaku n'kwa chiyani. Ryzen 5 2600 imafika pa 3.9GHz, 5700X3D imafika pa 4.1GHz, ndipo 5600 imene ndi yotsika mtengo imafika pa 4.4GHz, kuposa yodulayo. Koma GHz imangonena kuchuluka kwa masitepe pa sekondi, osati kutalika kwa sitepe iliyonse. AMD inanena kuti kapangidwe ka Zen 2 kamagwira ntchito yochuluka ndi 15 peresenti pa sitepe iliyonse kuposa kam'mbuyo mwake, ndipo ka Zen 3, kamene kali m'mapurosesa a 5000, kanawonjezeranso 19 peresenti pamwamba pake. Chinanso n'chakuti ma core 6 a 2600 anagawidwa m'magulu awiri a atatuatatu, gulu lililonse ndi cache yakeyake ya 8MB, moti core ina ikafuna kulankhula ndi ya gulu linalo pamakhala kuchedwa. Mu Zen 3 ma core ofika 8 amakhala m'gulu limodzi ndipo amagwiritsa ntchito cache imodzi ya 32MB.

Cache imeneyi ndi imene yandichititsa chidwi kwambiri pa nkhani yonseyi. Taganizirani mayi akuphika nsima. Ufa umene uli m'lichero pambali pa moto amangoutapa osadzuka, koma ukatha amayenera kupita m'nyumba kukatenga wina m'thumba, ndipo nthawi yonseyo mphika ukudikira. Lichero lija ndiye cache, thumba la m'nyumba ndiye RAM. Purosesa ikapeza chimene ikufuna mu cache imapitiriza ntchito mosadukiza, koma ikachisowa imayenera kukachitenga mu RAM, ulendo umene ndi wautali kangapo. Magemu amafunsa tinthu ting'onoting'ono tambirimbiri mosatsatira dongosolo lodziwikiratu, choncho amapindula kwambiri lichero likakula. Zimene AMD inachita pa mapurosesa a X3D ndi kusanjika cache ina ya 64MB pamwamba pa ya 32MB ija, zonse pamodzi kukhala 96MB. Yoyamba kupangidwa motere inali 5800X3D ya mu Epulo 2022, ndipo 5700X3D ndi mng'ono wake wothamanga pang'ono pansi pake koma wa cache yofanana. Phindu lake limaoneka kwambiri pa zithunzi zochedwetsetsa zija, ndendende pamene panali bala langa.

Mayina a mapurosesa amenewa ali ndi misampha, ndipo ndaonapo anzathu akukodwa. Ryzen 5 5500 ndi 5600G zimamveka ngati abale a 5600, koma cache yake ndi 16MB yokha, theka la ya 5600. Ryzen 7 5700 yopanda chilembo kumapeto ilinso ndi 16MB, pamene 5700X ili ndi 32MB ndipo 5700X3D ili ndi 96MB. Mayina atatuwa amangosiyana zilembo zakumapeto, ndipo wogulitsa wothamanga pakamwa akhoza kukupatsani yoyambayo inu mukuganiza kuti mwapeza yachitatuyo motchipa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa ntchito za muofesi mapurosesa amenewo alibe vuto, koma wogulira magemu ayenera kuwerenga dzina lonse mpaka chilembo chomaliza.

Za Intel sindinakhalitsepo, chifukwa kupita kumeneko kunafuna motherboard yatsopano. Kwa munthu amene ali kale ndi soketi ya LGA1700, imene inabwera mu 2021, nkhani ndi ina, popeza imalandira mibadwo ya 12, 13 ndi 14, ndipo Core i5-12400F inatchuka ndi osewera a ndalama zochepa pa chifukwa chomveka. Woganiza za mibadwo ya 13 ndi 14 adziwe kuti mu 2024 Intel inavomereza kuti ena mwa mapurosesa amenewo ankalandira mphamvu ya magetsi yopitirira muyezo n'kuyamba kusokonekera, ndipo inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS, kapulogalamu ka mu motherboard, n'kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti. Wogula yoteroyo kwa munthu amene anaigwiritsapo kale ntchito afunse bwino mbiri yake.

Njira yachitatu ndi imene inandisowetsa tulo. Soketi ya AM5 inabwera mu Seputembala 2022, ndipo AMD inalonjeza kuti idzapitiriza kuipangira mapurosesa mpaka 2027 kapena kupitirira. Kumeneko kuli 7800X3D ya mu 2023 ndi 9800X3D ya mu Novembala 2024, zimene pa magemu zimasiya kutali chilichonse cha AM4. Mnzanga wa ku Fordsburg uja ankakokera kumeneku, ndipo mfundo yake inali yoona, yakuti kuika ndalama mu AM4 lero kuli ngati kufolera nyumba imene ukudziwa kuti udzasamukamo. Koma AM5 imalandira RAM ya DDR5 yokha, choncho mtengo wa purosesa umene umaoneka pa tsamba la sitolo si mtengo wa kusamukako. Pamafunika purosesa, motherboard ndi RAM, zitatu zonse tsiku limodzi, ndipo 16GB yanga ya DDR4 imene ikugwira ntchito bwinobwino ikanangokhala m'kabati. Nditaphatikiza zonse papepala, ngakhale ndi Ryzen 5 7600 imene ndi ya pansi kumeneko, ndalama zake zinaposa kutali za 5700X3D ndi choziziritsa chake.

Ndalama zimenezi ndi marandi, ndipo katunduyu amagulidwa kunja ndi madola, kotero randi ikagwa mitengo imakwera sabata yomweyo, pamwamba pake n'kuikaponso VAT ya 15 peresenti. Kuwonjezera apo, aliyense wa ife amene ali kuno amadziwa kuti malipiro a mwezi amakhala ndi eni ake ambiri asanafike m'thumba. Pali lendi, pali fizi ya ana a kumudzi, pali feteleza amene amafunika mvula isanagwe. Sindichita manyazi kugula chinthu chondisangalatsa ndi ndalama zimene ndakhetsera thukuta, koma sindingathe kuuza mayi anga kuti matumba a feteleza achepa chaka chino chifukwa cha DDR5. Ndinadzifunsanso ngati RTX 3060 yanga ingathe kutsatira liwiro la 7800X3D, ndipo yankho linali lakuti m'magemu ambiri singathe. Ndikanangosinthanitsa vuto, wopatsira matope n'kukhala wothamanga kwambiri pamene mmisiri ndi yemwe uja.

Choncho mpikisano weniweni unatsala pakati pa 5600 ndi 5700X3D, ndipo ndinene mosabisa kuti kwa anthu ambiri amene ali ndi graphics card ngati yanga, 5600 ndi yokwanira. Wosewera EA Sports FC, GTA V kapena magemu a nkhani amene amalemetsa graphics card sangaone kusiyana koyenera ndalama zowonjezerazo. Ine ndinasankha 5700X3D pa zifukwa ziwiri. Magemu amene ndimasewera kwambiri ndi omwe aja amakonda cache, ndipo ndinkadziwa kuti imeneyi ndi purosesa yomaliza imene motherboard iyi idzanyamule. Ndikanagula 5600, pakatha chaka ndikanayambanso kusuzumira X3D, n'kulipira kawiri pa ulendo umodzi. Ndikadzasintha graphics card m'tsogolo muno, purosesayi idzakhalabe ndi mphamvu zoidyetsa.

Ndinayesako kufuna yogwiritsidwapo kale ntchito. Purosesa sikutha msanga ngati matayala, ndipo anthu ambiri okonda makompyuta m'dziko lino amagulitsana zipangizo pa intaneti mokhulupirika. Ndinapangana ndi munthu wina kuti tikumane pamalo ogulitsira zakudya ku Randburg, masana, pagulu, monga momwe aliyense wodziwa Joni amachitira. Mapurosesa a AM4 ali ndi timapini 1,331 kunsi kwake, topyapyala ngati singano, ndipo nditaunika ndi tochi ya foni ndinaona kuti tiwiri ta pakona tinali topindika. Mwiniwakeyo anati timawongoka ndi lezala, zimene ndi zoona nthawi zina, koma kapini kakathyoka palibe kobwezera. Ndinamuthokoza n'kubwerera. Lamulo la Consumer Protection Act la dziko lino limapatsa wogula miyezi 6 yobwezera katundu wowonongeka kwa wamalonda, kuti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama, koma silikhudza munthu wamba amene wangokugulitsa katundu wake kamodzi. Purosesa yatsopano ya m'bokosi imakhalanso ndi waranti ya zaka zitatu. Nditayeza kusiyana kwa mtengo ndi chitetezo chimenechi, ndinagula yatsopano.

Ndisanalipire ndinachita chinthu chimene ambiri amachidumpha, ndipo safunsa anadya phula. Ndinapita pa tsamba la kampani imene inapanga motherboard yanga, n'kufufuza dzina lake lenileni pamndandanda wa mapurosesa amene imalandira. Kukwana m'soketi sikutanthauza kuti kompyuta iyaka. Motherboard ili ndi kapulogalamu kake kotchedwa BIOS kamene kayenera kuidziwa purosesayo, ndipo BIOS ya mu 2019 singadziwe chinthu chimene chinapangidwa mu 2024. Kusintha BIOS kuyenera kuchitika purosesa yakale ikadali momwemo, chifukwa mukaichotsa kaye n'kuikamo yatsopano, sikirini imangokhala yakuda ndipo mulibenso polowera. Ma motherboard ena ali ndi batani kumbuyo lotha kuchita zimenezi ndi flash disk popanda purosesa, koma yanga ilibe. Ndinayang'ananso ngati tizipangizo topereka magetsi ku purosesa, timene amati VRM, tili ndi chitsulo chochotsa kutentha pamwamba pake, popeza 2600 ndi ya mawati 65 pamene 5700X3D ndi ya mawati 105, ndipo ma B450 otsika mtengo kwambiri amatentha akasenza katundu wotere.

Mphindi zisanu zosintha BIOS ndi zimene zinandiopsa kuposa china chilichonse. Magetsi akathima ntchitoyi ili pakati, motherboard ikhoza kufa osadzukanso. Amene tinali kuno mu 2023 sitinaiwale load shedding ya maola ambiri pa tsiku, ndipo ngakhale masiku amene ndandanda palibe, dera lathu limathimabe mwadzidzidzi zingwe zikabedwa. Inalinso nyengo ya dzinja, pamene mitambo imasonkhana masana aliwonse ndipo ziphaliwali za kuno sizichita masewera. Ndinabwereka inverter ya mlamu wanga, imene amaonera mpira magetsi akathima, n'kuchita ntchitoyi m'mawa kwambiri kumwamba kuli mbee. Mlamuyo anaima kumbuyo kwanga nthawi yonseyo akundifunsa ngati zatha, ndipo mzere wa pa sikirini utafika kumapeto tonse awiri tinapumira pamodzi.

Choziziritsa ndinagula cha nsanja, cha fani imodzi ya mamilimita 120, nditayeza kaye ndi tepi ngati chingakwane m'bokosi la kompyuta. Mapurosesa a X3D a m'badwo uno amatentha msanga chifukwa cache yosanjikidwayo ili pamwamba pa kachidutswa kamene muli ma core, ngati bulangeti, ndipo malire ake ndi madigiri 90. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yaikulu, pamwamba kuposa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka moti fani yomweyo imachotsa kutentha kochepa poyerekeza ndi ku Durban. Chipinda changa n'cha malata opanda siling'i, ndipo mu Januwale masana chimakhala ngati uvuni. Kachoziziritsa kakang'ono kamene kanabwera ndi 2600 sikakanakwanitsa.

Pochotsa purosesa yakale ndinayamba ndasewera mphindi khumi kuti phala lija limene limapakidwa pakati pa purosesa ndi choziziritsa lifewe, kenako ndinazimitsa, n'kuzula chingwe kukhoma, n'kupotoza choziziritsacho pang'onopang'ono uku ndi uku ndisanachikoke. Pa AM4 phalalo likauma limamata ngati ulimbo, ndipo munthu akakoka molunjika purosesa imazuka pamodzi ndi choziziritsa soketi ili yokhoma, mapini n'kupindika. Yatsopanoyo inalowa yokha popanda kukankha nditalunjikitsa kachizindikiro ka makona atatu ka pakona. Nditayatsa, panatuluka uthenga wonena kuti purosesa yasintha ndipo ukufunsa ngati ndikufuna kufufuta fTPM, mmene mumasungidwa makiyi a chitetezo a kompyuta. Amene anatseka diski yake ndi BitLocker asavomere asanasunge kiyi yake penapake, chifukwa akhoza kudzitsekera kunja kwa mafayilo ake omwe. Ine ndinalibe BitLocker, choncho ndinavomera. Kenako ndinalowa mu BIOS kukayatsanso XMP, imene imayendetsa RAM pa liwiro lake lonse, popeza BIOS yatsopano imabweza RAM pa liwiro lake lotsika, ndipo munthu akaiwala amataya mbali ya zimene walipira osadziwa.

Kwa amene akadali ndi Ryzen 5 1600 kapena ina ya m'badwo woyamba pali chifukwa chinanso chosinthira. Mapurosesa amenewo sali pamndandanda wa Windows 11, ndipo tsiku limene Microsoft inaika loti isiye kusamalira Windows 10 linali 14 Okutobala 2025. Purosesa ya 5000 pa motherboard yomweyo imathetsa zimenezi, bola BIOS yake ikhalepo.

Usiku woyamba ndinalowa mu Counter-Strike 2 manambala aja ali pakona. FPS inakhala pamwamba pa 144 pafupifupi nthawi yonse, koma chimene ndinamva m'dzanja si kukwera kwa nambalayo. Utsi unaponyedwa, anthu anakumana pakhomo lomwe lija, ndipo chithunzi sichinaime. Ndinafabe, chifukwa purosesa siphunzitsa munthu kulunjika mfuti, koma ulendo uno ndinaona amene anandiwombera. Mu Euro Truck Simulator 2 ndinalowa mumzinda popanda kudukiza. Mu Cyberpunk 2077, zokongoletsa zili pamwamba, kusintha kunali kochepa kwambiri, ndipo manambala anaonetsa graphics card ikugwira ntchito 99 peresenti, kutanthauza kuti kumeneko wochedwetsa tsopano ndi iyo. Mlamu wanga ataona zimenezo anati, "Mwaonatu alamu, ndinanena ine," ndipo sindinalimbane naye chifukwa inverter yake inali idakali m'chipinda changa.

Mwana wa mchemwali wanga anabwera Loweruka, anasewera Fortnite theka la ola, n'kundiuza kuti amuwomberabe kuseri kwa khoma ngati kale. Kenako anaona 2600 ili m'kapulasitiki kamene munabwera yatsopano ija, n'kufunsa kuti, "Amalume, imeneyi mutani nayo?" Ndinamuuza kuti ndi yake, koma payokha ndi kachitsulo chabe, ndipo afunika motherboard, RAM, diski, bokosi ndi chopereka magetsi. Tinakhala pansi n'kulemba zonsezo kuseri kwa risiti, ndipo choziziritsa chakale chija ndinamuwonjezera chaulere. Wayamba kutsuka magalimoto a anthu a pabwalo pathu Loweruka m'mawa, ndipo wandiuza kuti wapeza kale B450 yogwiritsidwapo ntchito cha ku Turffontein, koma ndamuletsa kupereka ndalama mpaka tidzapite limodzi kukaiyatsa pamaso pa mwiniwake. Purosesayo ndaisunga m'kabati momwe mumakhala pasipoti yanga.